Chipangizo Chatsopano, Nyimbo Zii: Madandaulo a Eni Zimkuzamawu a ku Mitundu ndi ku Nathenje

Ife amene tikudandaula pano ndife aja mumatiitana mwana akamalowa m'banja. Timafika m'mamawa ndi masipika pangolo kapena pakagalimoto kahayala, timakoka waya kuchokera kugolosale yapafupi, ndipo sitichoka kuseri kwa tebulo mpaka perekaniperekani atatha. Ena mwa ife ali ndi timashopu pa Mitundu, pa Nathenje, pa Nanjiri ndi pa Kamphata momwe amabenera anthu nyimbo m'mafulashi ndi m'mamemore khadi. Ena amasamala zimkuzamawu za kutchalitchi, ena ndi a vidiyo sho. Tonse timadalira chinthu chimodzi, kompyuta yomwe muli nyimbo. Sipika ikapsa ukhoza kubwereka kwa mnzako. Jenereta ikakana ukhoza kuchita hayala. Koma hadi disiki yomwe wakhala ukuunjikamo nyimbo kwa zaka zambiri palibe angakubwereke, chifukwa palibe wina ali nayo yofanana ndi yakoyo.

Dandaulo lathu likupita kwa inu akuluakulu ogulitsa zipangizo za kompyuta m'tauni ya Lilongwe, ndi kwa inu achimwene okonza makompyuta amene timakusiyirani makina athu. Maina sititchula, mukudzidziwa. Nkhani ndi yakuti nthawi iliyonse tikabwera kwa inu kuti tiwonjezere mphamvu ya makina athu, timabwerera kwathu ndi makina odwala kuposa momwe tinabwerera nawo, ndipo tikafuna kubweza katunduyo mumatilozera kapepala kapakhoma konena kuti katundu wogulidwa sabwezedwa.

Makompyuta athu ambiri ndi akaunjika. Anagwira kale ntchito m'maofesi a kunja, eni ake atatopa nawo ndi pomwe anatipeza ife. Amagwirabe ntchito, koma ukatsegula VirtualDJ, n'kuika nyimbo ziwiri, kwinaku kanema wa ukwati akuonetsedwa pa sikirini, kompyuta imayamba kupuma wefuwefu. Aliyense amene ungamufunse amakuuza chimodzimodzi, kuti wonjezera RAM. Ndiye munthu amakwera minibasi pa Mitundu, kudutsa pa Bunda mpaka m'tauni, ali ndi ndalama yomwe waisunga kuyambira nyengo yogulitsa fodya.

Pakauntala timauzidwa kuti RAM ndi RAM basi. Si zoona, ndipo inu ogulitsa mumadziwa. Ya DDR3 ya kompyuta yapatebulo ili ndi timano 240, ya DDR4 ili ndi 288, ndipo kampata kamene kali pakati pa timanoto sikali pamalo amodzi. Imodzi singalowe m'malo mwa inzake ngakhale uikankhe chotani. Munthu amazindikira zimenezi atafika kale kunyumba, dzuwa litalowa, ndalama ya thiransipoti itatha. Komabe imeneyo ndi yabwinoko, chifukwa bodza lake limaoneka ndi maso. Yopweteka ndi ija yolowa bwinobwino koma yosagwira. Pali malaputopu amene amafuna DDR3L, yoyendera 1.35V, koma amatipatsa DDR3 wamba ya 1.5V. Pali RAM yochotsedwa m'maseva akuluakulu a m'makampani, ija yotchedwa registered, imene imakwana m'malo mwake ngati ndi yake yeniyeni koma kompyuta wamba siiwerenga. Ukayatsa, fani imazungulira, kompyuta imalira kuti pii pii pii, sikirini ili bii. Ukabwerera nayo kushopu, mnyamata wa pakauntala amaitembenuza uku ndi uku n'kunena kuti mwaiotcha nokha poika.

Ndiye pali mtundu wachitatu, umene watilanda makasitomala. RAM yake imalowa, kompyuta imayaka, kushopu imaonetsa kuti zonse zili bwino. Vuto lake limadikira kuti makina atenthe kaye. Taganizani Loweruka la mu Seputembala, holo ya pasukulu yadzaza, malata akuthetheka ndi dzuwa. A MC aitana akuchimuna kuti adzalandire mpongozi wawo, azimayi anyamuka ndi ma K100 ndi ma K200 omwe asinthitsa kwa osunga ndalama, nthungululu zili pakamwa. Pomwepo sikirini imasanduka yabuluu, masipika amangoti drrr, kenako zii. Kuti kompyuta yakale iyakenso pamatenga mphindi zingapo, ndipo mphindi zimenezo m'holo ndi zazitali. Amayi amene anali atayamba kale kuvina amaima, amayang'anana, ena amabwerera kukakhala pansi ndalama zili m'manja. Ndalama imene yabwerera m'kansalu kawirikawiri situlukanso. Madzulo a komiti ya ukwati amakuitanira pambali, mwaulemu ndithu, n'kunena kuti: "Achimwene, mwatichititsa manyazi pamaso pa alendo, ndiye ija yotsala ija tikambirane." Sungawauze za RAM. Iwo anachita hayala nyimbo, ndipo nyimbo inaduka. Mbiri yako imayenda mudzi ndi mudzi mpaka ku Dzalanyama, kuti wa zimkuzamawu uja zake zimazima.

Chotipweteka n'chakuti njira yoyesera ilipo ndipo ndi yaulere. Pulogalamu ya MemTest86 imalemba ndi kuwerenga kachigawo kalikonse ka RAM, ndipo ikasiyidwa usiku umodzi imaulula ngati muli chilema. Wogulitsa woopa Mulungu akanamayesa katundu wake asanamuike m'galasi. Ndipo mukanatiuzanso chilungamo pa nkhani ya Windows. Mnzathu wina anagula RAM yokwana 8GB, koma kompyuta yake inkangoona zitatu ndi kachidutswa. Anabwerera kushopu, anamugulitsa ina. Vuto silinali RAM ayi. Windows yake inali ya 32-bit, yomwe singagwiritse ntchito zoposa 4GB, zivute zitani. Funso limodzi lokha pakauntala likanamupulumutsira ndalama imeneyo, koma funsolo likanachepetsa malonda a tsikulo.

Tifike pa hadi disiki, pamene pagona misozi yathu yambiri. Pamsika wa Mitundu munthu sagula mbuzi asanaiyang'ane mano. Disiki nayonso imaulula zaka zake, chifukwa imasunga yokha chiwerengero cha maola amene yagwira ntchito ndi malo amene awonongeka m'kati mwake, ndipo pulogalamu ngati CrystalDiskInfo imaonetsa zonsezi pa mphindi imodzi. Chaka chimodzi chili ndi maola 8,760. Disiki ikaonetsa maola 30,000, ndiye kuti yazungulira usana ndi usiku kwa zaka zoposa zitatu. Koma inu mumaipukuta, mumaiika m'kathumba konyezimira, mumaitcha yatsopano. Ife sitikana kugula zakale. Malaya athu ndi akaunjika, nsapato zathu ndi zakaunjika, ndipo sitichita nazo manyazi. Tikungofuna kuti chakale chizitchedwa chakale ndipo mtengo wake uzikhala wa chakale. Munthu akadziwa kuti disiki yake ndi nkhalamba, amaisamala mosiyana, sayikamo chuma chake chonse. Koma akauzidwa kuti ndi yatsopano, amasamutsiramo nyimbo zonse, yakale ija n'kuigulitsa kuti abweze ndalama. Pakatha miyezi ingapo yatsopano ija imayamba kulira kuti tika, tika, tika, ndipo amene anamvapo kulira kumeneko amadziwa kuti maliro afika.

Inu achimwene okonza, nkhani yanu ndi iyi. Mankhwala anu a matenda aliwonse ndi kufomata. Kompyuta ikamachedwa, fomati. Mawu akamadukaduka, fomati. Pomwe nthawi zambiri vuto ndi fumbi la mu Okutobala lomwe latseka fani, kapena phala lija la pakati pa purosesa ndi chozizilitsira chake lauma, kapena kabatire kakang'ono ka CR2032 ka pa bodi katha mphamvu, kompyuta n'kumaiwala tsiku ndi disiki yoyambira. Tikabwera ndi SSD kuti muikemo Windows, timakupemphani kuti disiki ya nyimbo musaikhudze. Njira yake ndi yosavuta, kungozula waya wa disiki ya nyimboyo musanayambe ntchito. Koma mumachita changu, foni ili kukhutu, mumasankha disiki yolakwika pa ndandanda, ndipo ntchito ya zaka zambiri imafufutika nthawi imodzi. Ngakhale pamenepo zinthu zikanatha kupulumuka, chifukwa mafayilo ofufutidwa mwachangu amatha kubwezedwa ngati sipanalembedwe china pamwamba pake. Koma poopa kuulula mumapitiriza, mumaika Windows pamwamba pomwepo, kenako mumatiuza kuti inali vairasi.

Nyimbo za malemu Lucius Banda zikatayika, kapena za Black Missionaries, kapena za mayi Ethel Kamwendo Banda, timadandaula koma timadziwa kuti zipezekanso kwina. Zimene sizipezekanso ndi zija za kuno kwathu. Kwaya ya amayi a Chigwirizano ya pampingo wakumudzi inasonkha ndalama, inapita ku studio kamodzi kokha, inatulutsa kaseti. Kasetiyo inadyedwa ndi wailesi kalekale, studio ija inatsekedwa, ena mwa amayi oimbawo anatisiya. Mawu awo anatsala pa disiki ya mmodzi wa ife, amene anakhala pansi tsiku lina n'kusamutsa kasetiyo isanawonongeke. Chimodzimodzi makanema a zinkhoswe, a kulonga ufumu, a kumanga ziliza. Ana a malemu amabwera kudzafunsa kuti abambo, tatiikireniko nyimbo ija amayi ankatsogolera, tikufuna tiimve pa chiliza. Timayankha bwanji? Kuti wokonza makompyuta anadina polakwika?

Palinso ena a inu amene simufufuta koma mumakopera. Kompyuta ikagona kwanu usiku umodzi, sabata yotsatira timamva nyimbo za kwaya yakwathu, ndi mamikisi omwe tinakonza tokha, akulira kwa mnyamata amene wangotsegula kumene shopu. Tikudziwa kuti wina aseka pamenepa, nati obena nyimbo za eni akudandaula kuti aberedwa. Nkhani ya umwini wa nyimbo ili ndi lamulo lake, la Copyright la 2016, ndipo ili ndi bungwe lake la COSOMA lomwe limapereka ziphaso kwa oimbitsa nyimbo pagulu. Amene alibe chiphaso akayankhe kumeneko. Koma zimenezo sizikupatsani inu ufulu wotsegula mafoda a munthu amene wakupatsani makina ake mokukhulupirirani. M'mafoda amenewo mulinso zithunzi za mabanja a anthu.

Za mamemore khadi tinene mwachidule, ngakhale kuti ndi zimene zimatidanitsa ndi anthu tsiku ndi tsiku. Khadi yalembedwa 32GB, ndipo ukailowetsa m'kompyuta imanenadi kuti ndi 32GB. M'kati mwake muli malo ochepa kwambiri, kungoti inakonzedwa kuti izinama. Timaikamo nyimbo, maina onse amaoneka, mayi amalipira, amakwera kabaza kubwerera kumudzi. Kunyumba nyimbo zoyambirira zimalira, zotsalazo zimangodumpha. Mawa lake ali pakhomo pathu, ndipo wakuba ndife. Pulogalamu ya H2testw imagwira bodza limeneli, koma imafuna kudzaza khadi yonse ndi kuiwerenganso, ndipo kasitomala amene wasiya nkhuku ndi ana sangadikire maola. Woyenera kuyesa ndi amene waitanitsa katoni yonse. Muziwauzanso ogula kuti makhadi oposa 32GB amabwera atafomatidwa mwa exFAT, pomwe timawailesi tambiri ta m'midzi timangowerenga FAT32. Anthu ataya makhadi abwinobwino poganiza kuti ndi ofoira.

Tsopano mkokomo. Aliyense wa ife anakumanapo nawo. Wasintha pawa sapulayi ya kompyuta, kapena wagula chaja yatsopano ya laputopu, ndipo ukalumikiza ku mikisa masipika amayamba kung'ung'udza kuti mmmm, nthawi zina ndi kamluzu kamene kamasintha ukamasuntha mausi. Nyimbo ikamalira mwamphamvu sizimveka kwambiri, koma abusa akangoima kuti apemphere, holo yonse imamva. Kudziwa gwero lake n'kosavuta. Zula chaja, laputopu iyendere batire. Phokoso likatha, wapalamula ndi chaja kapena njira imene magetsi akudutsa pakati pa makinawo. Mankhwala ake enieni amadziwika. Zipangizo zonse zitenge magetsi pa soketi imodzi, pakati pa kompyuta ndi mikisa paikidwe DI box kapena kachipangizo kolekanitsa magetsi ndi mawu, mawu atuluke kudzera pa sound card ya USB m'malo mwa kabowo ka mahedifoni, ndipo mtunda ukatalika agwiritsidwe ntchito mawaya a XLR. Koma kodi inu mumatani? Mumatenga pulayala n'kuchotsa waya wa earth pa mwendo wautali wa pulagi. Phokoso limathadi, timakulipirani, timakuthokozani. Simutiuza kuti mwachotsa njira imene magetsi amathawira china chikalakwika m'kati. Kuyambira tsiku limenelo njira yotsala ndi chitsulo cha ampu, waya wa maiki, ndi milomo ya munthu amene akulankhula. Tinaonapo mtsogoleri wa kwaya akuponya maiki pansi, atagwira pakamwa. Anthu anaseka. Ife amene timadziwa chimene chinachitika sitinaseke, makamaka poganiza kuti nthawi ya mvula timaimbitsa panja, anthu ataponda pansi ponyowa.

Magetsi a kuno ndi 230V. Makompyuta ena akale ali ndi kaswichi kofiira kuseri kosankhira 115 kapena 230, ndipo obwera kuchokera kumaiko a 115 amafika kali komweko. Kuyang'ana kaswichi kameneko sikutenga nthawi, koma alipo anzathu amene kompyuta yawo inaphulika tsiku loyamba, utsi uli tolotolo. Ndipo namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko n'kutaya pafupifupi mamegawati 130 mpaka mu 2023, tonse tinathamangira kugula majenereta ndi ma inverter. Munagulitsa bwino chaka chimenecho. Koma ndani wa inu anatiuza kuti kajenereta kopanda AVR kamakweza ndi kutsitsa mphamvu nthawi iliyonse besi ikagunda? Ndani anatiuza kuti inverter yotchipa, yosatulutsa pure sine wave, imaliritsa ampu ndi kutenthetsa thiransifoma yake? Tinaphunzira zimenezi ndi fungo la waya wopserera. Za ma ampu olembedwa 5000W pakatoni, pomwe fyuzi yake ndi yaing'ono yoti singapirire mphamvu imeneyo, sitinena zambiri. Mumadziwa kusiyana kwa PMPO ndi RMS. Mumadziwanso kuti masipika awiri a 8 ohms akalumikizidwa mbali ndi mbali amakhala 4 ohms, anayi amakhala 2 ohms, ndipo ma ampu ambiri sapirira pamenepo. Mukamatigulitsa sipika yachinayi mumangoti idzalira mpaka ku Nkhoma.

Timamva kuti ku Ulaya ndi ku America kuli anthu okonda nyimbo amene amagula makompyuta opangidwira kusunga ndi kuimba nyimbo basi, ena mtengo wake woposa wa galimoto. Amasintha RAM, amasintha pawa sapulayi, amatsutsana ngati mawu a gitala asintha kapena ayi. Ena mwa ife amawaseka, koma sitiyenera kuwaseka kwambiri, chifukwa ifenso makutu tili nawo. Timasiyanitsa MP3 ya 128 ndi ya 320 ikangofika pa masipika akuluakulu, ndipo nyimbo imene yadulidwa ku vidiyo ya pa WhatsApp timaidziwa isanafike pakati. Chimene timawasirira anthu amenewo si makina awo. M'maiko a European Union munthu akagula chinthu pa intaneti ali ndi masiku 14 oti akhoza kuchibweza, ndipo katundu watsopano amakhala ndi chitetezo cha lamulo cha zaka ziwiri. Iwo akhoza kuyesa chipangizo, chikakana n'kuchibweza. Ife tikayesa, chikakana, ndiye kuti feteleza wa chaka chimenecho wapita.

Mitengo tikuimvetsa. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo katundu wanu yense amachokera kunja. Mukatiuza kuti dola yavuta sititsutsa. Koma dola siletsa kulemba lisiti. Tikapempha lisiti mumang'amba kapepala m'kope, mumalemba mtengo wokha, popanda dzina la shopu, popanda nambala ya chipangizo. Tikabwera nacho chitafa mumati si chimene munatigulitsa. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza ogula la 2003, ndipo bungwe la CFTC lakhala likuchenjeza amalonda kuti mawu akuti katundu wogulidwa sabwezedwa ndi osemphana ndi lamulo. Mumadalira chinthu chimodzi, chakuti munthu wa ku Nathenje sangawononge ndalama ya maulendo awiri kapena atatu a m'tauni pofuna kubwezeredwa mtengo wa RAM imodzi. Mumawerengera bwino. Ambiri timangosiya.

Panopa mwapeza nyimbo ina. Kuyambira pomwe Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, mukutiuza kuti makompyuta athu atha ntchito, tigule ena otha kunyamula Windows 11. Kwa amene kompyuta yake imakhala pa intaneti, nkhaniyo ili ndi mutu. Koma makina ambiri a ife oimbitsa nyimbo salowa pa intaneti chaka chonse, ndipo aziimbabe monga ankaimbira dzulo. Chimene tikusowa kwenikweni ndi disiki yachiwiri, yeniyeni, yoti tizisungamo kope la nyimbo zathu n'kuisiya kunyumba tikamapita kuntchito. Imeneyo ndiye tigulitseni.

Tikupempha kuti pakauntala panu pakhale soketi ndi kompyuta yoyesera, kuti RAM tiziiona ikugwira ndipo maola a disiki tiziwerenga tonse awiri ndalama isanachoke m'manja. Pa lisiti pazilembedwa dzina la shopu, nambala ya chipangizo, ndi mawu onena ngati ndi chatsopano kapena chakale. Mutipatse ngakhale sabata imodzi yoti chikakana tibweze, chifukwa vuto la RAM yodwala limaoneka Loweruka, osati tsiku logula. Inu okonza, muzule waya wa disiki ya nyimbo ife tikuona, mutipatse disikiyo m'manja tipite nayo, ndipo waya wa earth muusiye pomwe uli. Ena mwa ife tagwirizana kale kuti tikamabwera m'tauni tizinyamula kompyuta yonse pamiyendo mu minibasi, ngakhale kondakitala azitilipiritsa mpando wachiwiri, ndipo shopu imene ikana kuti tiyesere pomwepo tizituluka n'kulowa yoyandikana nayo.